Kalasi ya Mkazi Wake

Peniasi Rokotuni anali pakati pofotokoza mmene mtsinje umadyera magombe ake pamene phwete linaboola khoma. Linachokera m'chipinda choyandikana ndi chake, phwete la anthu ambiri, lochokera m'mimba, la anthu oiwala kuti ali pa yunivesite. Anaima cholembera chili m'mwamba, kudikira kuti lizizire. Ophunzira ake, amene anakhala motalikirana m'mipando ngati mano a nkhalamba, anali ataweramira m'mabuku, koma makutu awo onse anali kukhoma.

"Monga mukudziwa nonse," anapitiriza, mawu atauma, "mtsinje ukasefukira umasiya matope m'dambo."

Palibe anadzutsa mutu. M'chipinda chinacho munkaphunzitsa mkazi wake, Ulamila.

Phunziro linali limodzi, sayansi ya madzi ya chaka choyamba, koma chifukwa cha kuchuluka kwa ophunzira analigawa pawiri. Gulu lina linali la Dokotala Rokotuni, amene imvi zinamumerera pa yunivesite ya ku Suva imeneyi, mwini buku la mitsinje ya pa chilumba cha Viti Levu. Linalo linali la Mayi Rokotuni, amene anangoyamba chaka chapitacho pa kontirakiti yosakhalitsa. Masabata oyamba zipinda zonse zinkadzaza mofanana. Kenaka cha Peniasi chinayamba kudontha. Ankawaona ndi maso ake ana a m'gulu lake akulowa khomo linalo, ena atanyamula mipando, ena okonzeka kukhala pansi.

Chimene chinkamudya kwambiri n'chakuti Ulamila anamuumba ndi iyeyo. Anamupeza akuphunzitsa pa sekondale ya kumudzi ku Kadavu. Ndi iye anamukakamiza kubwerera kusukulu ana atakula, ndi iye ankamukonzera ziganizo pa tebulo lodyera, ndi iye anamuperekeza tsiku loyamba mpaka pakhomo la kalasi. Ngakhale zithunzi za mitsinje zimene Ulamila ankaonetsa ophunzira anajambula ndi Peniasi. Tsono ana ankapezako chiyani kumeneko chimene kwa iye kunalibe?

Lamlungu, pochokera kutchalitchi, nyumba yawo ku Samabula inkasanduka msika. Ulamila ankaitana ophunzira amene kwawo n'kutali, a ku Solomoni, a ku Tuvalu, a ku Kiribati, kuti adzadye chakudya cha pakhomo. Anyamata ankapala kokonati kuseri, atsikana ankasenda chinangwa ndi dalo, koko wa kumeneko, akuimba. Peniasi ankakhala pakhonde ndi nyuzipepala, atavalabe sulu yake ya kutchalitchi, nsalu ya amuna yomanga m'chiuno. Aliyense podutsa ankawerama n'kunong'ona kuti, "Tidutse nawo, a Dokotala," kenaka n'kufulumira kulowa m'kati, kumene mawu ake ankamubwerera.

"Alendo anu atisiyira chiyani, amake Litia?" anafunsa Lamlungu lina onse atapita. "Minga?"

"Mutu wa nsomba ndakusungirani. Mukanalowa mukanadya nawo."

"Ndikalowa amasiya kutafuna."

"Chifukwa mumawayang'ana ngati mukuchonga mayeso."

Peniasi anapinda nyuzipepala. "Tandiuzani. Lachiwiri lija munkawaseketsa chiyani? Ine ndimayesa sayansi ya madzi ilibe nthabwala."

Ulamila anayamba kuseka asanayankhe n'komwe. "Ndinawafunsa mmene amasambira kwawo. Mnyamata wina wa ku Malaita anati iye amangodumphira mumtsinje sopo ataluma kukamwa. Ndiye mtsikana wa ku Funafuti akuti kwawo amadikira mvula igwe m'thanki. Chikho chimodzi kumutu, china kumapazi, zapakati adziwa ndi Mulungu."

"Ndiye kuphunzitsa kumeneko? Sabata yathunthu kumangofunsa kwanu n'kuti, mumatunga kuti, wakutuma ndani, wabwera kudzafuna chiyani. Ndi kalasi kapena kalembera?"

"Safunsa anadya phula, bambo a Litia. Ana awa sachokera mudzi umodzi. Ngakhale m'gulu lanulo alipo ena amene..."

"Yunivesite si sikelo ya ana," anamudula. "Madzi amayenda chotsika, kaya mwana wachokera ku Malaita kaya wachokera kumwezi."

Ulamila anamuyang'ana pang'ono, natola mbale n'kulowa m'nyumba.

Patapita masiku, mkulu wa dipatimenti, Pulofesa Nirmala Deo, anaitana Peniasi ku ofesi yake. Anali mayi wosazungulira nkhani, ndipo awiriwa anayamba ntchito nthawi imodzi. Mvula ya ku Suva inkagwa mosalekeza pa zenera.

"Holo yatsopano yatha," anatero Nirmala. "Chaka chamawa magulu awiriwa tiwaphatikiza. Mphunzitsi adzakhala mmodzi."

"Ndiye mwandiitana kuti mundiuze kuti tsobola wakale sawawa."

"Ndakuitanani kuti ndimve maganizo anu. Phunziroli munaliyambitsa ndinu, zimenezo sitingaiwale. Koma mayeso a pakati pa teremu gulu la Ulamila lakhoza kuposa lanu, Peni, ndipo osati pang'ono."

Peniasi anaongoka pampando. Mawu amene anatuluka sanawakonzekere, komabe anatuluka osalala bwino ngati anagonera m'kamwa.

"Mwana amene wadya m'mbale mwako Lamlungu, n'kovuta kumulepheretsa Lolemba."

Nirmala anavula magalasi. "Mukunena kuti mkazi wanu akupereka malikisi aulere?"

"Sindinatero. Ndangoti n'kovuta."

"Mukudziwa kuti mawu ngati amenewa ndikawamva sindingawakhalire. Ndiyenera kutumiza mapepala ake kuti wina akachongenso. Ndipo kontirakiti yake idzaima kudikira zimenezo." Anaima kaye, kumupatsa mpata. "Mukufunadi ndikhale nditamva?"

Mpata unalipo, wotakasuka ngati khomo la tchalitchi. Peniasi anayang'ana mvula.

"Chitani monga mwa lamulo," anatero.

Potsika masitepe anamva kupepuka, ngati munthu wotula katundu. Pofika pansi katunduyo anali atabwerera. Madzulo ake Ulamila anamuphikira nkhanu zimene ankazikonda, ndipo iye anadya, nayamikira, nafunsa za Litia ku Lautoka, osayang'ana mkazi wake kumaso.

M'sabata yomweyo wophunzira wina anamudikirira pakhomo la kalasi. Anali Bwenaua, mtsikana wa ku Kiribati amene ankakhala kumbuyo kwenikweni, wosayankha funso, wosafunsa funso. Mayeso a pakati pa teremu analephera moipa. Anaima chopendeka, maso ali pa nsapato za Peniasi.

"A Dokotala, ndimati ndipemphe. Ndimafuna ndisamukire kwa Amayi."

"Amayi ako ali ku Kiribati."

"Ndimati kwa Mayi Rokotuni."

"Kwa ine kwawawa chiyani?"

Mtsikanayo anapotokola lamba wa chikwama chake. "Sindikumva, a Dokotala."

"Ndimalankhula motsitsa?"

"Ayi, mawu ndimawamva."

"Ndiye ukawerenge buku. Sukusamuka."

Bwenaua anawerama n'kuchoka. Peniasi ankadziwa mumtima kuti akanapempha kusamukira kwa mphunzitsi wina aliyense akanamulola osafunsa chifukwa.

Loweruka lotsatira linali la ulendo wa kumtsinje, umene magulu onse ankapita limodzi chaka ndi chaka. Kunabwera mabasi awiri. Ya Ulamila inadzaza mpaka ena kukhalirana pamiyendo, ndipo inanyamuka nyimbo zikutuluka m'mazenera. M'basi ya Peniasi munali zida zoyezera ndi ophunzira amene anachedwa. Anadutsa Nausori, nakwera chakumtunda kumene madzi a nyanja safika. Rewa, mtsinje waukuluwo, anali atakhuta mvula ya sabata yonse, wofiirira, wotambalala, akunyamula nthambi ndi mitengo ya nthochi mosafulumira.

Apa Peniasi anali pakwawo. Anagawa zingwe, naonetsa anyamata mmene angaponyere makoko a kokonati m'madzi n'kuyeza liwiro lake. Ali mkati mochita zimenezi anaona Bwenaua ataima payekha chakumunsi, nsapato zili m'manja, madzi akumunyambita zala za kumapazi. Mtsikanayo anawerama, natunga madzi m'chikhatho, nalawa. Anatunganso, nalawanso.

"Iwe, amenewo si akumwa osaphitsa," anatero Peniasi akumuyandikira.

"Alibe mchere," anayankha Bwenaua osatembenuka.

"Unkayembekezera mchere mumtsinje?"

"Pobwera kuchokera ku bwalo la ndege ku Nadi basi inkadutsa pa milatho. Ndinkayesa ndi nyanja yalowa kumtunda, monga imachitira kwathu." Anatsatira ndi maso chitsa chimene chinkadutsa pakati. "Onsewa akupita kuti?"

"Kunyanja."

"Onse? Palibe wowatseka?"

"Angatseke Rewa ndani?"

"Ndi anthu akagona amayendabe?"

Peniasi anatsala pang'ono kuseka, koma anaona nkhope yake. Sinali ya munthu wochita nthabwala. Inali ya munthu woona chakudya chikutayidwa kudzala.

"Kwanu kulibe mtsinje," anatero pang'onopang'ono, ndipo silinali funso.

"Ku Nonouti kulibe ngakhale kachitunda koti madzi atsikirepo. Ukaima pakati pa mudzi umaona nyanja uku ndi uku. Tili ndi zitsime basi. Chathu chinayamba kuwawa mchere ndili ku sekondale, ndiye amayi amakatunga kumudzi wina." Mawu ankatuluka tsopano ngati mtsinjewo wamutsegula pakamwa. "Pondiperekeza, akuluakulu a m'mudzi anati pita ukaphunzire za madzi, udzatiuze chochita. Nditaona dzina la phunziro lanu ndinati ndafika. Koma inu mumanena za magombe, za mathithi, za madambo, ndiye mumati monga mukudziwa nonse. Ndimayang'ana anzanga akulemba, n'kuona kuti wosadziwa ndine ndekha."

"Bwanji sunafunse?"

Apa ndi pamene mtsikanayo anamuyang'ana kumaso koyamba, modabwa. "Kufunsa munthu wamkulu akulankhula? Pagulu?"

Zoti zilumba za mchenga zilibe mitsinje Peniasi ankazidziwa bwino lomwe. Mwana aliyense wa pulayimale amazidziwa, ndipo iye anali atazifunsapo pa mayeso. Koma anali asanaganizepo kuti chiganizo chimenecho chimavala diresi la maluwa ndipo chimakhala kumbuyo m'kalasi mwake. Chikhalirecho chimene chinayamba kumubaya sanali manyazi. Linali ganizo lakuti Ulamila akudziwa kale zimenezi, ndipo mwina anazimva akusenda naye chinangwa m'khitchini mwa Peniasi yemweyo.

Anapeza Ulamila pansi pa mtengo wa mango, akugawa mabanzi kwa ophunzira. Anadikira kuti womaliza achoke.

"Munkadziwa za mtsikana uja?"

"Bwenaua? Alipo angapo otero m'gulu lanu. Aliponso mnyamata wa kumapiri a Naitasiri amene mtsinje amaudziwa ngati chikhatho chake, koma akuganiza kuti zimene amadziwa si sayansi."

"Osandiuza?"

"Ndinayamba kukuuzani. Munati si sikelo."

Ulamila anapinda thumba la mabanzi mosamala, kawiri, katatu, mpaka linachepa ngati mpango. Polankhulanso mawu ake anali otsika, oti ana asamve.

"A Nirmala anandiitana Lachinayi. Mapepala anga onse apita kwa munthu wina. Sanatchule amene wadandaula, anangondibwerezera mawu ake. Mbale ya Lamlungu, kulepheretsa Lolemba. Ndakalambira m'nyumba mwanu, bambo a Litia. Kalukidwe kanu ka mawu ndimakadziwa ngati mphasa yanga."

"Ine ndinangoti..."

"Musandiuze zimene munangoti." Anayang'ana kumtsinje, kumene anyamata ankathamanga m'mbali kutsatira makoko awo. "Ndinu amene munandiuza kuti ndingathe. Ine ndinkakana, inu n'kumati mungathe, amake Litia, mungathe. Ndinakukhulupirirani. Kani munkafuna ndithe pang'ono chabe, kulekeza m'mapewa mwanu."

Madzi akatayika saoleka. Ulamila anaika thumba lija m'chikwama, napita kwa ophunzira ake. Peniasi anamuona akuitana Bwenaua, akumugwira paphewa, akumulozera kumtunda kumene madzi ankachokera.

Wochonganso uja anabweza mapepala teremu isanathe. Sanachotse malikisi a mwana aliyense, ndipo kwa ena anawonjezera. Phunziro linaperekedwa kwa Ulamila pamodzi ndi kontirakiti yokhalitsa. Peniasi anapatsidwa ntchito yoyang'anira kafukufuku wa ophunzira akuluakulu, ndipo pamsonkhano anthu anaomba m'manja ngati wakwezedwa. Anapita kwa Nirmala kukanena kuti mawu aja anali opanda maziko.

"Ndinadziwa tsiku lomwelo," anatero Nirmala osadzutsa mutu. "Koma mwagogoda khomo lolakwika."

Khomo loyenera linali lovuta. Anagula kumsika mtolo wa mizu ya kava, imene amapepesera pamwambo, nakhala pansi pamphasa pamaso pa mkazi wake, mutu uli pansi, monga achitira munthu wolakwa. Ulamila anaulandira ndi manja awiri, nanena mawu amene mwambo umafuna, chifukwa kava sabwezedwa. Koma kulandira si kuiwala. Ankamuchapirabe malaya, ankamufunsabe ngati wamwa mankhwala ake, koma za kuntchito anasiya kumuuza. Ndipo Lamlungu ophunzira anasiya kubwera. Ulamila anati sakufuna kuti mwana wina adzakayikiridwenso chifukwa cha nsomba yake. Awiriwa ankadya okha, phokoso lili la masupuni, ndipo Peniasi anapeza kuti chete ameneyu ankamuwawa kuposa msika uja.

Nsanje nayo sinasamuke. Inangochepa thupi. Chaka chatsopano chitayamba, ankati akamadutsa pa holo yatsopano n'kuona nsapato zitaunjikana pakhomo chifukwa cha matope, khamu lonse lili m'kati ndi mkazi wake, kanthu kankamutsinabe pansi pa nthiti. Ankafulumira kudutsa.

Masana ena, akumwa tiyi mu ofesi, wina anagogoda mopepuka ngati nkhuku ikujompha chitseko. Anali Bwenaua. Phunziro lija analibwereza m'kalasi ya Ulamila ndipo ankakhoza. Anaima pakhomo chopendeka monga kale.

"A Dokotala, tauzidwa kuti aliyense asankhe kafukufuku wamng'ono. Ine ndikufuna wa zitsime za kwathu. Ndimati mwina mungandiyang'anire."

"Bwanji osapempha aphunzitsi ako?"

"Ndinawapempha. Akuti za madzi a pansi pa nthaka palibe wokuposani pano."

Peniasi anaika kapu pansi mosasamala, tiyi natayikira patebulo. Funso limene linabwera ankadziwa kuti n'lopusa, komabe linamukanika kumeza.

"Wabwera wekha, kapena akutuma?"

Mtsikanayo sankadziwa kunama. "Andituma."

Zinamubaya monga ankayembekezera. Sanadziwe ngati Ulamila wamutumizira chikhululukiro kapena chisoni, kapena wangoganizira mwanayo basi, iye osamuwerengera n'komwe. Anamva kanthu kaja kakutsina. Kenaka anadzuka, nachotsa mulu wa mabuku pampando wa alendo umene panalibe anakhalapo kwa nthawi yaitali, naupukuta fumbi ndi dzanja.

"Khala apa. Ine ku Nonouti sindinafikeko. Uyambe wandiuza mmene kulili."

Bwenaua anakhala m'mphepete mwa mpando. Anayang'ana uku ndi uku kufuna pepala, ndipo atalisowa anaviika chala m'tiyi wotayika uja, najambula patebulo kamzere kowonda, kokhota ngati mbedza.

"Uku ndi nyanja," anatero. "Ukunso ndi nyanja. Chitsime chathu chili apa."

Peniasi anavala magalasi, nasendeza mpando wake pafupi, kuti aone bwino kamzereko kasanaume.